Kapu ya madzi imene inandiphunzitsa mneni "get"

Ndinafika ku Leeds mu June 2022, patangopita miyezi yochepa boma la Britain litalola kuti anthu ochokera kunja azibwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Nkhawa ndinali nazo zambiri, za kuzizira, za lendi, za ana amene ndinawasiya kwa agogo awo, koma Chingerezi sichinkandisowetsa tulo. Pa MSCE ndinachikhoza bwino, mayeso a Chingerezi a IELTS ndinalemba kamodzi kokha, ndipo ndinali nditagwira ntchito zaka 6 pa ofesi ina ku Blantyre kumene kalata iliyonse inkatuluka m'Chingerezi. Chimene chinadzandipunthwitsa ndi kamneni ka zilembo zitatu kamene ngakhale mwana wa ku pulayimale amakadziwa, "get". Ndikulemba izi kuti inu amene mukukonzekera ulendo, kapena mwafika kumene, kapena mumagwira ntchito ndi eni chinenerochi kumudzi komweko, musadzadutse momwe ndinadutsa ine.

Linali Lachiwiri, pa 19 July, tsiku limene dziko la Britain linatentha kuposa kale lonse. Ku Coningsby, m'dera la Lincolnshire, anayeza madigiri 40.3. Ine wokulira ku Chikwawa ndinkaona ngati anthu akungokokomeza, mpaka nditalowa m'nyumba yosamalira okalamba imene ndinkagwirako ntchito. Nyumba za kuno anazimanga kuti zizisunga kutentha. Pansi pali makapeti, mawindo ndi a magalasi awiri ndipo amangotseguka pang'ono, khonde loti munthu n'kupitidwako mphepo palibe. Munali ngati mu uvuni.

Pa handover ya m'mawa, nthawi imene a usiku amatula ntchito kwa a masana, anesi anandiyang'ana n'kunena mothamanga kuti, "Room twelve, love, can you get him to drink?" Anthu a ku Yorkshire akamalankhula, "get him" imamveka ngati "gerrim", ndipo "to" amangomumeza. Ine ndinatolapo mawu atatu: get, him, drink. M'mutu mwanga "get" anali ndi tanthauzo limodzi limene ndinachoka nalo kusukulu, kutenga kapena kupeza. Ndiye ndinapita kukhitchini, kuthira madzi ozizira m'kapu, kusakaniza ndi sikwashi pang'ono, n'kukawaikira agogo a m'chipinda 12 patebulo la pambali pa bedi. Ndinawauza kuti chakumwa chawo ndi ichi, iwo anamwetulira n'kuthokoza, ine n'kupitirira ku chipinda china. Ndinadutsamo kawiri m'mawa umenewo. Kapu inali yodzadza, ndipo ndinangoganiza kuti ludzu likawagwira amwa.

Cha m'ma 2 koloko anesi anatenga tchati chimene timalembapo madzi amene munthu wamwa. Panali mamililita 150 okha, a tiyi wa m'mawa. Milomo ya agogowo inali itauma, ndipo ankasinza mosiyana ndi masiku onse. Atandifunsa ndinayankha ndi mtima wonse kuti, "I got him a drink." Iwo sanakalipe. Anangobwereza pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha: "I asked you to get him to drink." Apo m'pamene khutu langa linamva kusiyana kwa "a" ndi "to". Anandifotokozera kuti munthu akakalamba ludzu salimva msanga, ndipo amene ali ndi matenda oiwalaiwala aja a dementia akhoza kuiyang'ana kapu tsiku lonse osakumbukira kuti ndi yomwera. Mtima unandiwawa kwambiri. Ndinali nditasiya munthu wosatha kudzithandiza ali ndi ludzu pa tsiku lotentha chonchija, ine ndikuyesa kuti ntchito ndagwira.

Madzulo ndili m'basi ndinayesa kunena ziganizo ziwirizo m'Chichewa, ndipo zinangomasuka zokha. "Get him a drink" ndi kuwabweretsera chakumwa. "Get him to drink" ndi kuwamwetsa. Palibe Mmalawi amene angasokoneze kubweretsera ndi kumwetsa. Ndinakumbukira aphunzitsi athu a Chichewa ku sekondale akulemba pabolodi za msintho wa aneni: womuchitira, womuchititsa, wochitidwa. Phika, phikira, phikitsa, phikidwa. Ndinazindikira kuti ntchito imene ife timaigwira posintha mchira wa mneni, Mngerezi nthawi zambiri amaisenzetsa "get", ndipo chimene chimakuuza tanthauzo si "get" mwiniwakeyo koma mawu amene akubwera pambuyo pake. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kufunafuna liwu limodzi la Chichewa lofanana naye, chifukwa kulibe.

Izi si zachilendo kwa ife tikaganiza bwino. Taonani mneni "kumva". Timamva nyimbo, timamva fungo, timamva njala, timamva kuwawa, timamva Chitumbuka, ndipo mwana wamwano timati ndi wosamva. Mlendo atakufunsani kuti "kumva" ndi chiyani m'Chingerezi, mungamupatse liwu limodzi? Mungamuuze kuti amvetsere chimene chikutsatira. N'chimodzimodzi "kudya": munthu amadya nsima, msungichuma amadya ndalama za gulu, galimoto imadya mafuta. "Get" ndi wa mtundu womwewo, kungoti kuno amatuluka pafupifupi m'chiganizo chilichonse cha pantchito.

Pambuyo pa "get" pakabwera dzina la chinthu, ndiye kuti chinthucho chikufika m'manja mwa munthu mwa njira ina iliyonse. "I got your message" ndi kulandira. "I got these shoes at the market" ndi kugula. "Get the wheelchair" ndi kukatenga. "She got a job" ndi kupeza. "He got flu" ndi kugwidwa ndi chimfine. Apa ambiri sitivutika. Timavutika pa zitatu kapena zinayi zimene mabuku athu sanatiuze. Wina akagogoda, mnzako n'kunena kuti "Can you get the door?", akuti ukatsegule. Foni ikamalira, "I'll get it" ndiye kuti ndiyankha ine. Mukamamwa tiyi kumalo odyera mnzako n'kunena kuti "I'll get this", akuti alipira ndi iyeyo. Ndipo "I don't get it" ndi kumva kwathu kuja, sindikumvetsa.

Tsopano pakati pakalowa munthu, m'pamene pafunika kutchera khutu, chifukwa m'pamene ndinagwera ine. Munthu kenako chinthu, ndi womuchitira: "Get her a blanket", abweretsereni bulangeti. Munthu kenako "to" ndi mneni wina, ndi womuchititsa: "Get her to stand", chitani zoti aimirire. Koma apa pali kanthu kena kofunika kwambiri kwa ife osamalira anthu. Chingerezi chili ndi aneni atatu oyandikana. "Make him eat" muli kukakamiza. "Let him eat" ndi kumulola. "Get him to eat" ndi kumunyengerera, kupeza njira yoti iye mwini afune kudya. Kuno kukakamiza munthu wokalamba kudya kapena kusamba ndi mlandu umene ungakuchotsetse ntchito, choncho mukamafotokozera akuluakulu kapena achibale, musanene kuti "I made her have a bath" pamene mukutanthauza kuti munawanyengerera. Mwa atatuwa, "get" yekha ndi amene amafuna "to". Amati "make him eat", "let him eat", koma "get him to eat".

Pali kapangidwe kena kamene ndinakakonda nditakamvetsa, chifukwa kamagwirizana ndendende ndi mmene timalankhulira kwathu. Tikapita kuchigayo sitinena kuti ndikukagaya, timati ndikukagayitsa. Timasoketsa diresi kwa atelala, timakonzetsa foni, timalukitsa tsitsi. Mngerezi amatenga "get", kuikapo chinthucho, kenako mneni wa mtundu wachitatu uja tinkaloweza kuti break, broke, broken. "I got my phone fixed" ndi ndinakonzetsa foni. "I fixed my phone" ndiye kuti ndinaikonza ndekha. "I need to get my hair done" ndi ndikufuna ndikakonzetse tsitsi. Chenjezo n'lakuti pantchito kapangidwe komweka sikatanthauza nthawi zonse kuti utume wina. Akakuuza kuti "get her washed and dressed before nine", wosambitsa ndi kuveka ndiwe. Chimene akutsindika n'chakuti pofika 9 koloko zikhale zitatheka.

Mbali imene ndikufuna muikirepo mtima kwambiri ndi ya "get" wotsatiridwa ndi mfotokozi, liwu lonena mmene chinthu chilili. Apa amatanthauza kusintha, kuchoka pena kulowa pena. Ife tili ndi aneni athunthu a zimenezi: kutopa, kudwala, kukwiya, kunyowa, kusochera, kukalamba, kuzolowera. Chingerezi chimati get tired, get sick, get angry, get wet, get lost, get old, get used to. Vuto limabwera chifukwa ife tikati "ndatopa" timanena zonse ziwiri pakamodzi, kuti kutopa kwandifikira ndiponso kuti ndili wotopa panopa. Mngerezi amazilekanitsa. "I am tired" ndi mmene ndilili. "I get tired after lunch" ndi zimene zimandichitikira kawirikawiri. "I'm getting tired" ndiye kuti kutopako kukubwera, kukukula.

Mwina wina anganene kuti izi ndi za m'kalasi. Ayi. Tsiku lina ndinaona kuti amayi ena achikulire, amene masiku onse ankandizindikira ngakhale anali oiwalaiwala, akunditcha dzina la mchemwali wawo ndiponso akufunafuna chitseko pakhoma. Ndikanapita kwa anesi n'kunena kuti "she is confused", akanangogwedeza mutu, pakuti aliyense ankadziwa kuti amayiwo mutu umawasokonekera. Ndinanena kuti "she's getting more confused since yesterday". Nthawi yomweyo anaimika zimene ankachita, chifukwa kwa okalamba kusokonezeka kobwera mwadzidzidzi kumatha kukhala chizindikiro cha matenda ena, monga a m'chikhodzodzo. Anawayezadi ndipo anayamba kulandira mankhwala. Mawu ngati "getting worse", "getting better", "getting weaker", "getting breathless" ndi amene amauza dokotala kumene munthu akulowera, ndipo dokotala amafuna kudziwa zimenezo kuposa pamene munthuyo waima.

Pa ukwati pokha ndiikepo mawu awiri. Ife mwamuna amakwatira, mkazi amakwatiwa. Chingerezi sichisiyanitsa, onse ndi "get married", ndipo amati "married to", osati "married with" monga timamvera kawirikawiri kwathu. Komanso msintho wochitidwa uja, gwidwa, lipidwa, chotsedwa, polankhula amakonda kuupanga ndi "get": "he got caught", "we get paid on Friday", "she got sacked". Amautchula makamaka pa zinthu zogwera munthu, zabwino kapena zoipa.

Za maulendo sindichedwapo. "Get to" ndi kufika: "I get to work at seven." Koma pa home, here ndi there "to" amachoka, amangoti "get home", "get there". Ife timakwera ndi kutsika chilichonse, kaya ndi njinga, basi kapena ndege. Iwo basi, sitima ndi ndege amati "get on" ndi "get off", pamene galimoto yaing'ono ndi takisi amati "get in" ndi "get out of". Njira imene inandithandiza kukumbukira n'njakuti chimene ungathe kuyendamo chilili ndi "on", cholowa chowerama ndi "in". Njinga yokha ndiyo ili payokha, nayo ndi "on" chifukwa umakhala pamwamba pake.

Chinanditengera nthawi yaitali ndi "have got". Kusukulu tinaloweza get, got, got, ndiye ndikamva "got" ndinkathamangira ku nthawi yakale. Wina akati "she's got a pressure sore" ndinkamva ngati akunena zakale, pamene akunena kuti ali ndi chilonda panopa. "Have got" ku Britain ndi "have" basi, kukhala ndi chinthu, ndipo ndi nthawi yatsopano. "Have you got a pen?" ndi muli ndi cholembera? Poyankha umati "Yes, I have" kapena "No, I haven't", osabwerezanso "got". Ukafuna kunena zakale umabwerera kwa "had": "I had a car in Malawi." Amene mumaonera mafilimu a ku America mumamva "gotten". Si Chingerezi chothyoka. Ndi mtundu wakale umene unawoloka nyanja n'kukakhalitsa ku America pamene ku England unkazilala, ndipo mthunzi wake ukuonekabe mu forget, forgot, forgotten. Kwa Mmereka "I've got money" ndi ndili ndi ndalama, pamene "I've gotten money" ndi ndalandira ndalama. Pa mayeso ndi pantchito za ku Britain, gwiritsani "got".

Nditapita kukayenda ku York, mzinda umene uli pafupi ndi Leeds, ndinamva kuti ma Viking ochokera ku Scandinavia anaulanda mu 866 n'kumautcha Jorvik. Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti "get" anachokera ku liwu la chinenero chawo, Old Norse, lakuti "geta", monganso "take" ndi "they". Zinandikhazika mtima pansi kudziwa kuti mneni amene ankandizunza ine mlendo nayenso anabwera ndi alendo, m'dera lomweli limene ndikukhala.

Palinso awiri ofanana nkhope amene amasiyana kutalitali. "I've got to go" ndi ndiyenera kupita, palibe kuchitira mwina, ndipo polankhula amangoti "gotta". Koma "I got to see my children on video last night" ndi ndinapeza mwayi woona ana anga. Wina ndi udindo, wina ndi mwayi. Kusiyana kwake kuli pa ka "have" kaja kamene kamafupikitsidwa n'kutsala kamphepo chabe, ndiye nthawi zambiri chimene chimakuthandiza ndi nkhani imene ikukambidwa.

Kenako pali gulu lalikulu la "get" wokhala ndi timawu ting'onoting'ono ngati on, over, by, through, amene tanthauzo lawo sungalipeze pophatikiza zidutswa. Amenewa ndi ofunika kuwatola amodziamodzi monga tinkatolera zining'a. Amene ndimakumana nawo tsiku ndi tsiku ndi ochepa. Mwana wa agogo akaimba foni n'kufunsa kuti "How's Dad getting on?", akufunsa kuti bambo zikuwayendera bwanji, ndipo abwana akakufunsa kuti "How are you getting on?" akufuna kudziwa ngati ukuzolowera ntchito. "They don't get on" ndi sagwirizana. "Get on with it" ndi pitiriza ntchito, usachedwe, ndipo kawirikawiri amanena atayamba kutopa nawe. "He never got over his wife's death" ndi imfa ya akazi awo sinawachoke mumtima, pamene "get over a cold" ndi kuchira chimfine. "I couldn't get through to the GP" ndi foni ya kwa dokotala sinapite. "We get by" ndi mawu amene ambiri a ife kuno timayankha tikafunsidwa za malipiro, kutanthauza kuti timakwanitsa movutikira. "I'll get back to you" ndi ndidzakuyankhani. Pa "get used to" kumbukirani kuti mneni wotsatira amatenga -ing: "I'm getting used to working nights."

Chimene chinandithandiza kuposa buku lililonse ndi kakope kakang'ono ka m'thumba la yunifolomu. Ndikamva "get" amene sindinamumvetse, pa nthawi yopuma ndinkalemba chiganizo chonse mmene chinanenedwera, ndi amene ananena, ndi chimene chinkachitika. Pansi pake ndinkalemba Chichewa chake, osati liwu ndi liwu, koma mmene mayi anga akananenera. Patatha miyezi itatu masamba anali atadzadza, ndipo ndinkatha kuona ndekha kuti ziganizozo zikugwera m'magulu ochepa omwe aja. Chachiwiri, ndinaphunzira kubwereza malangizo ndi mawu ena ndisanachoke pamalopo. Akati "get him up", ndimafunsa kuti, "Out of bed, or just sitting up?" Poyamba ndinkachita manyazi, kuopa kuti aziti Mmalawi uyu Chingerezi sachimva. Ndinadzaona kuti anesi eni ake amafunsana chonchi nthawi zonse, ndipo palibe amene anandiderera chifukwa chofunsa.

Aphunzitsi athu ankatiletsa kulemba "get" mu kompozishoni, ankati tizilemba receive, obtain, become, arrive. Kwa nthawi ndithu ndinkawadandaula kuti anatibisira mneni wofunika chonchi. Pano ndimaona kuti pa zolemba ankanena zoona, anangolephera kutiuza kuti pakamwa ndi nkhani ina. Ukamalankhula ndi agogo n'kunena kuti "I shall obtain a blanket" amakudabwa. Koma m'kalata yofunsira ntchito ndi mu lipoti, liwu lolunjika ndilo labwino. Ine m'manotsi a odwala sindilembamo "got a drink" ngakhale pang'ono, chifukwa wowerenga sangadziwe ngati munthuyo anangopatsidwa kapena anamwadi. Ndimalemba kuti "offered 200 ml, drank 150 ml".

Agogo a m'chipinda 12 aja, masana omwewo anesi anandionetsa kachitidwe kake. Anatenga makapu awiri, ina ya agogowo ina yanga, n'kundiuza kuti ndikhale pampando, ndisaimirire pamutu pawo. Kapu ya pulasitiki ija tinaisiya, tinatenga yawoyawo yadothi imene mwana wawo anabwera nayo kuchokera kunyumba. Ndinaiika m'manja mwawo, manja anga atagwirizira pansi, kenako ndinanyamula yanga n'kumwa iwo akuona. Anandiyang'ana kanthawi, n'kukweza yawo, n'kumwa. Ndinkabwerako pakatha mphindi 30 zilizonse, nthawi zina ndi madzi, nthawi zina ndi jeli kapena chidutswa cha chivwende. Malangizo a NHS, bungwe la boma loona zaumoyo kuno, amati munthu azimwa makapu 6 mpaka 8 patsiku, ndipo tsiku limenelo sitinafikepo, koma pamene ndinkaweruka 8 koloko usiku tchati chinali pa mamililita 1,100, milomo yawo inali itafewa, ndipo anali akundifotokozera za basi imene ankayendetsa ali mnyamata.